Funsani Akatswiri: Kadulidwe ka Madeleine Vionnet

Funso: Akonzi, ndine telala wongoyamba kumene. Ndimamva kuti Madeleine Vionnet ndiye anatchukitsa kudula nsalu mopendekera. Anali ndani? Nanga bwanji diresi yomwe ndadula chonchi yatalika mbali imodzi?

Yankho: Mayi Vionnet anabadwa mu 1876 ku France ndipo anamwalira mu 1975. Anatsegula kampani yawo yosoka ku Paris mu 1912, n'kuitseka mu 1939. Diresi iliyonse ankayamba kuiyesa pa chidole chamtengo asanadule nsalu yeniyeni. Pofuna kuthana ndi okopera, ankadinda chala chawo pachizindikiro cha chovala.

Tsono za diresi yanuyo. Nsalu yowombedwa siitamuka kwenikweni m'litali kapena m'lifupi, koma mukaikoka pa madigiri 45 kuchokera m'mphepete mwake imatamuka ndithu. N'chifukwa chake diresi yodulidwa mopendekera chonchi imatsata thupi popanda mapindo ambiri. Vuto lake lagonanso pomwepo: kulemera kwa nsalu kumaikokera pansi, ndipo mbali zonse sizitsika mofanana.

Muzidula nsalu itayalidwa imodzi, osaipinda pawiri, komanso isalendewere patebulo. Siyani masentimita awiri ndi theka a msoko. Posoka gwiritsani ntchito zigizagi yopapatiza, ndipo musakoke nsalu ayi, apo bii msoko uchita makwinya. Mukamaliza, pachikani diresiyo maola osachepera 24. Kenaka mwini wake aivale, muyeze kuchokera pansi, mudule zotsalira, ndiye mupinde m'munsi. Ambiri amathamangira kupinda tsiku lomwelo, ndipo apa m'pamene diresi imakhotera.