Musapereke dipoziti musanaone madzi a m'radiyeta

Achimwene, imani kaye. Mwafunsa za ute (galimoto ya thireyi yonyamula katundu kumbuyo) ya Ford Falcon imene mukufuna kugula kuno ku Australia. Musaiperekere ndalama lero, ngakhale mwini wake akunena kuti pali wina akubwera madzulo ndi kashi. Mawu omwewo ndi amene anandigwetsa ine m'dzenje. Ndangowerenga funso lanu, mtima wanga wabwerera pamsewu wa ku Kalgoorlie.

Yanga inali Falcon ya mtundu wa BA ya 2004, yoyera, injini ya Barra ya malita 4.0, masilinda 6 ondondozana mzere umodzi. Anandigulitsa mkulu wina amene tinkagwira naye ntchito ku Perth, munthu woti tinkadyera limodzi nkhomaliro, ana ake ndinkawadziwa mayina. Anati galimoto ilibe vuto lililonse, akungofuna yaikulu ya banja. Ndinapita ndi mnzanga wodziwako za galimoto, tinaizungulira, tinayenda nayo mphindi 10, injini ikulira mosalala ngati makina osokera. Ndinapereka ndalama zonse tsiku lomwelo.

Patatha milungu itatu, mu Januwale, ndinapeza ntchito ku Kalgoorlie. Ndinalongedza zonse kumbuyo: firiji, matiresi, mabokosi a zida, ndi thumba la ufa. Mayi akunyumba anali ndi pakati pa miyezi 7. Ulendo wa makilomita pafupifupi 600. Tinadutsa Northam, tinadutsa Merredin, tinathira mafuta pa Southern Cross, zonse zili bwino. Amene munayendapo mukudziwa kuti kuchoka pamenepo kukafika Coolgardie ndi thengo lokhalokha. Cha m'ma 1 koloko, dzuwa lili paliwombo, ndinamva fungo lotsekemera ngati shuga wapsa. Kuyang'ana geji, muvi uli pofiira. Mphamvu inatha, dashibodi ikulira. Ndinaikakamiza pang'ono kuti mwina ndipeze mthunzi, ndipo apo ndi pomwe ndinaiphera. Nditatsegula boneti, nthunzi inangoti phwii kumaso.

Foni zonse ziwiri netiweki zii. Kutentha kwake koti ukagwira chitseko umapsa. Ntchentche zikulowa m'maso ndi m'mphuno. Ma road train, malole aataliatali okoka ngolo zingapo, akamadutsa galimoto inkagwedezeka yonse, fumbi lofiira kobo, osaima ndi mmodzi yemwe. Ndinadikira kuti izizire, kenako ndinathira madzi athu akumwa, mabotolo atatu, poganiza kuti tiyendako pang'ono. Anangotuluka pansi ndikuona. Tinatsala ndi botolo limodzi anthu awiri, wachitatu ali m'mimba. M'mbali mwa msewu umenewo mumadutsa paipi yaikulu yotumiza madzi ku Kalgoorlie, ndipo ndinkaiyang'ana misozi ili m'maso. Ndinatsitsa matiresi, ndinayedzamiritsa pagalimoto kuti mayi apeze pokhala. Mapazi awo anatupa mpaka nsapato zinakana. Sanandikalipire, sanalire, anangokhala chete atagwira mimba. Kukhala chete kumeneko sindidzakuiwala. Patatha pafupifupi maola atatu anaima bambo wina wachikulire, anatipatsa madzi ozizira, anatitenga mpaka Coolgardie, ndipo ndalama anakana.

Tsopano mverani zimene makaniko anapeza. Thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, munalibe, munthu anaichotsa dala kuti kutentha kusaonekere m'tauni. M'radiyeta munali phala lofiirira, mankhwala aja omata podontha, ndipo m'malo mwa coolant, madzi apadera oziziritsa injini, ankangothira madzi apampopi. Gasiketi ya head, chivindikiro cha pamwamba pa injini, inali itayamba kale kudontha. Mkulu uja ankadziwa! Ankadziwa, ndipo nditamuuza kuti ndikupita ku Kalgoorlie ndi mayi oyembekezera anandigwira chanza, "muyende bwino m'bale." Nditamuimbira anati ndinagula nditaiona ndi maso anga. Tsiku lotsatira anandibuloka. Galimoto yogula pamanja ilibe waranti, ndiye kodandaula kunalibe. Kuikoka ndi kuikonza kunadya ndalama zonse zimene tinasungira mwana. Munthu wopemphera, wonyamula Baibulo m'chikwama cha nkhomaliro, kundidyera masuku pamutu chonchi. Mpaka lero ndikaona nambala yake m'foni mutu umawawa.

Koma injiniyo musaide. Makaniko yemweyo anandionetsa: head ya aluminiyamu inapindika, chifukwa head ya masilinda 6 a mzere ndi yaitali ndipo siipirira kuwira, koma block yachitsulo pansi, thupi lenileni la injini, inali bwinobwino, mapisitoni osakhudzidwa. Anapala head, gasiketi yatsopano, radiyeta yatsopano, inadzuka.

Mtundu wake ndi wakale injini imeneyi. Gogo wake ndi kainjini ka malita 2.4 ka Falcon yoyamba ya 1960, kochokera ku America. Ku Geelong, kumene kunali fakitale ya Ford ya kuno ku Australia, anailera ngati mwana wawo: inakula kufika malita 4.1 mu 1970, inapatsidwa head ya crossflow (mpweya kulowera mbali ina, utsi kutulukira mbali ina) mu 1976, camshaft, ndodo yotsegula mavavu, inakwera pamwamba mu 1988, kenako Barra mu 2002 yokhala ndi macamshaft awiri ndi mphamvu ya 182 kW. Macamshaft ake amayendera tcheni osati lamba. Kusalala kwake ndi kwachibadwa, chifukwa mapisitoni 6 akakhala mzere umodzi amayenda awiriawiri n'kumathetsana kugwedera. N'chifukwa chake matakisi a kuno anaikonda zaka zonse zija. Ute yeniyeniyo inabadwiranso ku Geelong mu 1934, pamene Lew Bandt wa kampani ya Ford anajambula galimoto yoti mlimi apite nayo kutchalitchi Lamlungu n'kunyamulira nkhumba kumsika Lolemba. Akuluakulu amene munakhalako ku Joni mukukumbukira Ford Ranchero ya m'ma 1970. Imene ija inali ute ya Falcon yomweyi, anangoisintha dzina. Zonsezi zinatha mu 2016 mafakitale atatsekedwa, koma masipeyala ali mbwee kwa ophwasula galimoto, otchipanso.

Ndiye chitani izi. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, muuzeni asaidzutse musanafike. Tsegulani chotsekera cha madzi, onani mtundu wake, mukaona dzimbiri kapena phala nyamukani osatsanzika. Onani pansi pa chotsekera oyilo ngati pali zoyera ngati chambiko. Ngati ili ya giya 6 za otomatiki, makaniko aonenso mafuta a giyabokosi ngati sanasakanikirane ndi madzi. Yendani nayo ola lathunthu pa freeway ndi ziziritso zoyatsa, osati mphindi 10. Kumbukiraninso kuti iyi ndi galimoto ya saluni yovala thireyi, ndi yotsika, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, si Hilux, ndipo kumbuyo kukakhala kopanda katundu pamvula imaterereka. Mafuta imamwa ndithu m'tauni. Musagule kwa munthu womudziwa, chifukwa manyazi amakutsekani pakamwa pofunsa mafunso.

Ikapambana zonsezi muigule, musachedwe, chifukwa zabwino zikutha. Yanga ija ikadali panja pano, ndi yomwe inakatenga mwana kuchipatala? Ayi, mayi anakana kukweramo, tinabwereka ya mnzanga. Koma kuntchito imandifikitsa tsiku ndi tsiku. Ngati yanuyo ili ku Perth ndilembereni ku inbox, Loweruka ndikutsika, tipitire limodzi tikaione.