Kusamukira ku Spring Boot 3: sed muisiye pambali

Wowerenga wina wandilembera kuti ali ndi pulogalamu ya Java ya mafayilo mazanamazana, akufuna kuchoka pa Spring Boot 2 (maziko omangirapo mapulogalamu a Java) kupita pa 3, ndipo mnzake akuti angosintha mawu onse ndi sed, kachida kosaka mawu m'mafayilo n'kuikapo ena.

Achimwene, mnzanuyo mumuletse lero lomwe. Spring Boot 3, yomwe inatuluka mu 2022, imafuna Java 17 komanso kuti mayina a mu khodi monga javax.servlet ndi javax.persistence ayambe ndi jakarta m'malo mwa javax. Koma javax.sql ndi javax.crypto ndi za mu JDK momwemo, yomwe ndi Java yeniyeniyo, sizisintha dzina. Sed imaona zilembo basi, ndiye idzapsereza zonse pamodzi, pulogalamu n'kukana kukompaila. Chida chofunika apa n'chomwe chimawerenga khodi monga momwe kompaila imawerengera, chodziwa kuti dzina ili likuchokera mu laibulale iti.

Nkhani ya chida chokhwima imandikhudza, chifukwa ambiri amayesa kuti kukhwima ndi zaka kapena nyenyezi za pa GitHub. Ayi ndithu. 2to3, yosinthira khodi ya Python 2 kukhala ya Python 3, inathandiza anthu a Python kwa zaka zambiri, koma inalephera kutsatira kalembedwe katsopano ka chilankhulocho, mpaka anaichotsa mu Python 3.13. Coccinelle, yosinthira khodi ya C, ya Julia Lawall ndi anzake, ndiyo chitsanzo chabwino: malamulo ake ali mkati mwenimweni mwa Linux, mu scripts/coccinelle, ndipo aliyense atha kulemba make coccicheck. Chida chikapirira khodi ya C yodzaza ndi ma macro ngati imeneyo, chaona zambiri. China, chida chokhwima chisamakhudze ndemanga ndi mipata ya m'mizere yomwe sichinasinthe. Chikasanja fayilo yonse mwatsopano, diff (mndandanda wa zosintha) imatupa, woiunika amatopa n'kungovomereza osawerenga, cholakwika n'kulowa mwakachetechete. Chida chotero musachilole pafupi ndi ntchito yanu, ngakhale chitatchuka bwanji.

Ndiye mutani?

Tengani OpenRewrite, chida chosinthira khodi chomwe chimaiwerenga ngati kompaila. Yambani mwaonetsetsa kuti pulogalamu ikukompaila ndipo mayeso akudutsa, chifukwa laibulale ina ikasowa chidacho sichidziwa mitundu ya zinthu, ndiye chimangodumpha malowo osadandaula. Kwezani kaye Spring Boot kufika pa 2.7. Kenako ikani pulagini ya OpenRewrite mu pom.xml (fayilo ya makonzedwe a pulogalamu yanu), sankhani UpgradeSpringBoot_3_0, lembani mvn rewrite:dryRun (imangoonetsa zosintha, osakhudza khodi), muwerenge rewrite.patch yomwe ituluke musanayendetse rewrite:run, yomwe imasinthadi khodi. Zosintha za makinazi zikhale pa commit yakeyake, osasakaniza ndi zamanja. Pomaliza sakani mawu oti javax paliponse: mayina obisala m'mawu a Class.forName, ndi ma jar (malaibulale omangidwa kale) a anthu ena omwe akadali pa javax, amenewo muthana nawo nokha.