Zero ya nyenyezi za America mu War Thunder: musaiulutse ngati Mustang

Achimwene, mwati mwapeza ndege ya Japan ya A6M2, yotchedwa Zero, yomwe ili kumbali ya America mu gemu ya nkhondo ya War Thunder, koma ikukukhumudwitsani: anzanu akukusiyani m'mbuyo, mdani aliyense amene mwamuthamangitsa akukuthawani, zipolopolo za mizinga zikutha musanagwetse ngakhale mmodzi, kenako mukupsa. Mwafunsanso ngati kuli bwino kuisiya n'kutenga Ki-61, ndege inanso ya Japan. Musaisiye. Vuto ndi lakuti mukuiulutsa monga mmene munazolowerera ndege za America za P-40 ndi P-51 Mustang, pomwe ndegeyi inapangidwa ndi nzeru yosiyana kotheratu.

Jiro Horikoshi wa ku Mitsubishi atauzidwa kuti apange ndege youluka mtunda wautali komanso yokhota msanga, injini yomwe inadzakhala mu A6M2, Sakae 12, inali ya mahosipawa pafupifupi 940 okha. Njira inali imodzi: kuchotsa kulemera paliponse. Choncho kumbuyo kwa woyendetsa kulibe chitsulo chomutchinga, ndipo mathanki a mafuta alibe mphira wodzitseka akabooledwa. Ndiye kupsa mukudandaulako n'chibadwa cha ndegeyi. Chipolopolo chimodzi choyatsa moto chikalowa pamene phiko lalumikizana ndi thupi, nkhani yatha. Mutha kuzimitsa injini n'kutsika mwaliwiro kuti mwina moto uzime, koma nthawi zambiri suzima. Chitetezo chanu chonse ndi kusalola kuti mphuno ya mdani ikulozeni.

Zofooka zake Amereka anaziphunzira pa Zero yogwidwa ngati yanuyo. Pa 4 June 1942, woyendetsa Zero wina, Tadayoshi Koga, atawomberedwa pa chiwembu cha ku Dutch Harbor ku Alaska, anayesa kutera pa chilumba cha Akutan ku Aleutians. Malo amene ankaganiza kuti ndi udzu wouma anali dambo. Matayala anatitimira, ndege inagadabuzika, iye n'kufera pomwepo. Mu July ndege ya America ya PBY Catalina inaiona, anaitengera ku San Diego n'kuikonza, ndipo mu September 1942 woyesa ndege wa America, Eddie Sanders, anayamba kuiyesa. Anapeza zinthu zitatu. Liwiro likaposa ma knot 200, omwe ndi pafupifupi makilomita 370 pa ola, timapiko topendeketsera ndege timauma moti kuigudubuza kumafuna mphamvu zambiri. Imagudubuzikira kumanzere mosavuta kuposa kumanja. Ndipo ukakankha mphuno pansi mwadzidzidzi injini imatsamwa chifukwa cha kabuleta yake. Oyendetsa ndege a America anauzidwa kuti Zero ikakhala kumbuyo kwawo, atsike mwaliwiro kenako akhotere kumanja. Osewera odziwa akukuchitani zomwezo lero, ndipo inu mukuwatsatira kulowa m'liwiro lomwe ndege yanu imasanduka mtengo.

Poyamba pitani ku zosintha za gemu muike kuti liwiro lizioneka la IAS, osati TAS, lomwe ndi liwiro lenileni la ndege mumlengalenga. IAS ndi imene imakuuzani mmene mapiko akumvera mphepo, ndipo manambala a liwiro la ndege otsatirawa ndi a IAS, m'makilomita pa ola. Zero imasangalala pakati pa 250 ndi 320. Ikafika 400 yayamba kulemera, pa 500 ikukana kugudubuzika, ndipo malire a ndege yeniyeni anali pafupifupi 630. Mukaona nambala ikuyandikira 550 mukutsika, chepetsani moto, yambani kudzutsa mphuno pang'onopang'ono. Kukoka mwamphamvu pa liwiro limenelo ndiko kumathyola phiko.

Mafuta tengani ochepa amene gemu ikulola, kapena kuwonjezera pang'ono chabe. Ndegeyi simwa mafuta ambiri: mu December 1941 ma Zero ananyamuka ku Taiwan kukamenya ku Philippines n'kubwerera. Thanki yodzaza pa nkhondo ya mphindi 20 ndi katundu wongokulemetsani pokwera.

Mu gawo la gemu lotchedwa Realistic, mukanyamuka musaloze kumene kuli adani. Kwerani cham'mbali pa liwiro la 230 mpaka 250 kufikira mamita 3,500 kapena 4,000. Kupitirira kwambiri pamenepo injini imayamba kufooka, chifukwa chopopera mpweya chake chili ndi giya imodzi yokha, ndipo liwiro lapamwamba la ndegeyi, pafupifupi 530 pa TAS, limapezeka cha pa mamita 4,500. Anzanu a P-38 ndi P-47 adzakusiyani, alekeni apite. Koma musatalikirane nawo kwambiri, pakuti apa ndi pamene Zero ya kumbali ya America imaposa ya kwawo. Gulu la America ndi la ndege zothamanga koma zolemera pokhota. Bf 109 ya Germany kapena Yak ya Soviet Union ikakhala kumchira kwa P-47, mnzanuyo amathawa, mdaniyo amakhota kumutsatira, liwiro lake n'kutsika. Mdani wotanganidwa chonchoyo ndiye chakudya chanu. Inu simungamugwire pa mpikisano wowongoka, koma mnzanu akamukhotetsa, mumadula ngodya n'kumupeza. Muzikhala makilomita awiri kapena atatu kumbuyo kwa gulu, pamwamba pang'ono, maso ali pa amene akuthamangitsidwa.

Tsopano za mfuti, pomwe ambiri amalakwitsa. Muli ndi mizinga iwiri ya 20 mm ya Type 99 m'mapiko, uliwonse zipolopolo 60 zokha. Mukapanikiza batani osasiya, pakangotha masekondi pafupifupi 7 zatha. M'mphuno muli mfuti zachiwaya ziwiri za 7.7 mm zokhala ndi zipolopolo mazanamazana, koma n'zofooka. Chovuta china n'chakuti chipolopolo cha mzingawu chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 600 pa sekondi, pang'onopang'ono kuposa cha 7.7, ndipo chimagwa msanga. Ndiye mukamawombera zonse pamodzi muli kutali, timizere towala ta 7.7 timaoneka tikumenya mdani, inu n'kumati zikuyenda, pomwe za 20 mm zikudutsa pansi ndi kumbuyo kwake. Gawani mabatani: lina la zachiwaya zokha, lina la mizinga yokha. Mtunda wokumanirana zipolopolo uikeni pa mamita 250 kapena 300. Zachiwaya muzigwiritsa ntchito poopseza wothawa kuti akhote, ndi poyesa ngati mwaloza bwino. Mizinga muziitsegula pokhapokha mdani ali mkati mwa mamita 300, ndipo muziwombera modukiza, theka la sekondi basi, n'kusiya. Mukalozetsa, ikani patsogolo pake kwambiri kuposa mmene mumachitira ndi ma 12.7 a America. Ngati netiweki yanu imachedwa, yandikirani koposa apo. Zipolopolo zitatu kapena zinayi za 20 mm pa phiko la ndege ya injini imodzi zimakwana.

Maso ndi maso musayerekeze. Mdani akabwera molunjika kutsogolo kwanu, iye ali ndi chitsulo ndi galasi lochindikala, inu mulibe. Pa mtunda wa kilomita imodzi tsikani pang'ono cham'mbali kuti adutse pamwamba, ndipo asanakudutseni n'komwe yambani kale kukhotera kumene akupita. Akalakwitsa n'kukhota nanu, pozungulira kachiwiri mudzakhala kumchira kwake.

Wovuta ndi amene ali pamwamba panu ndipo akudziwa chochita: amatsika, kuwombera, kukweranso. Musamuthawe mowongoka, ndipo musakwere kumulondola, chifukwa mukaima m'mwamba liwiro litatha mumakhala chandamale chosayenda. Sungani liwiro la 300, muzimuyang'ana. Akafika pa kilomita imodzi yambani kukhota mofatsa kulowera mbali imene akuchokera. Akafika mamita 600 kapena 700 kokani mwamphamvu, makamaka kumanzere, mphuno ili pansi pang'ono. Pa liwiro lakelo sangakhote nanu, adutsa. Mutumizireni zachiwaya pang'ono, wongolani ndege, bwezeretsani liwiro, mudikire ulendo wina. Nthawi iliyonse akayesa kukulozani amataya mphamvu pang'ono, ndipo ambiri pofika ulendo wachitatu kapena wachinayi mtima umawapsa, n'kukhota. Mukokereni kumene kuli anzanu kapena ku bwalo lanu la ndege pamene mukuchita zimenezi. Adani akakhala awiri osinthana, zimavuta zedi: ndi nzeru yomwe John Thach wa ku America anagwiritsa ntchito ndi ndege za Wildcat pa nkhondo ya ku Midway mu June 1942, kuti Zero ikatsatira mmodzi, mnzake aipeze m'mbali. Musanakakamire kumchira kwa aliyense, chewukani kaye.

Maflapu, timapiko totsika kumbuyo kwa mapiko, tsitsani sitepe yoyamba yokha, liwiro lili pansi pa 300, kwa masekondi awiri kapena atatu pamene mukufuna kukweza mphuno kuti muwombere, kenako abwezeni. Kuwasiya pansi kumadya liwiro lomwe injini yaing'onoyi imavutika kubweza. Mukafuna kutsika msanga, gudubuzani ndege chagada n'kukoka, m'malo mokankha mphuno pansi. Dziwaninso kuti si onse mungawapose pokhota: I-153 ya mapiko osanjikizana ndi Ki-43 zimakhota mothina kuposa inu, ndipo Spitfire zoyambirira zimakuyandikirani. I-153 ndiye imodzi mwa zochepa zimene mumaziposa liwiro, choncho imenyeni kuchokera pamwamba n'kudutsa.

Mu gawo la gemu la Simulator muli msampha wina. Mayina a adani saoneka, anthu amazindikira ndege ndi maonekedwe ake, ndipo maonekedwe anu ndi a Zero ngakhale mwapakidwa nyenyezi. Mnzanu wa Hellcat akakuonani patali amayamba kuwombera asanaone chizindikiro. Lembani pa chat kuti muli mu A6M2 ndi dera limene muli, musamayandikire anzanu kuchokera kumbuyo kwawo, ndipo wina akakulondolani pendeketsani mapiko kuti nyenyezi zioneke.

Za Ki-61 ija: ndi ndege ya Kawasaki ya injini ya Ha-40, yomwe ndi DB 601 ya ku Germany yopangidwira ku Japan. Ili ndi chitsulo chotchinga woyendetsa ndi mathanki otetezedwa, imapirira potsika mwaliwiro, ndipo ya kumbali ya America, Ki-61-Ib, ili ndi mfuti zinayi za 12.7 mm zokhala ndi zipolopolo zokwanira kulakwitsa kangapo. Ngati dzanja lanu linazolowera kutsika, kumenya ndi kukweranso, imeneyo mudzaimva msanga. Koma sikhota ngati Zero, ndipo simenya mwamphamvu ngati mizinga ya 20 mm. Poti A6M2 muli nayo kale, lowani nayo mu test flight kaye: kwerani mamita 3,000, tsikani mpaka 500 pa IAS, yesani kugudubuza kumanja kenako kumanzere, mubwerezenso pa 280, kuti manja anu amve kusiyanako musanakumane ndi Bf 109.