Kuthirira thonje lochedwa madzi akachepa: yankho kwa bambo a ku Bwanje

Bambo, funso lanu ndalimva motere: munadzala thonje mochedwa, mu Januwale, pa ekala imodzi kufupi ndi Sharpevale, mvula yadula msanga, ndipo madzi amene mukupopa m'chitsime angokwana kuthirira kawiri basi. Mukufunsa ngati muziwaza pang'onopang'ono munda wonse kufikira nthawi yotola, kapena muwasunge mpaka thonje litafota kwambiri. Njira ziwiri zonsezi sindikugwirizana nazo.

Tiyambe ndi kukula kwa ludzu la mbewuyi. Thonje limene lili ndi maluwa ndi zipatso, m'malo otentha ngati chigwa cha Bwanje, limamwa madzi osachepera mamilimita 5 pa tsiku, ndipo pa ekala imodzi amenewa ndi malita oposa 20,000, kapena kuti migolo 100 ya malita 200. Mukaganizira zimenezi muona kuti kuwaza tsiku ndi tsiku kumangonyowetsa pamwamba, dzuwa n'kuumitsa, pamene mizu imene ikudyetsa zipatso ili pansi, ina kupitirira mita imodzi.

Chachiwiri ndi nthawi. Duwa la thonje limatsegula loyera, m'mawa mwake limafiira, kenaka limagwa, ndipo kuchokera pamenepo mpaka chipatso kuphulika pamapita masiku 50 mpaka 60, kapena kuposerapo kukayamba kuzizira. Masabata atatu oyamba ndi amene chipatso chimakula kufika pamlingo wake ndipo ulusi umatalika. Masabata otsatirawo ulusi umakhuthala ndi kulemera. Ludzu likagwira mtengo chipatso chisanakwane masabata awiri, mtengowo umangochiyoyola. Likaugwira mochedwerapo chipatso sichigwa, koma thonje lake limapepuka pasikelo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya posunga madzi, chifukwa akamadzathirira, zipatso zimene amafuna kupulumutsa zimakhala zili kale pansi.

Choncho lowani m'munda m'mawa ndipo muyang'ane duwa loyera limene lili pamwamba kwambiri, pafupi ndi thunthu, kenaka muwerenge nthambi zimene zili pamwamba pake kufikira kunsonga. Zikakhala zisanu kapena zinayi, dziwani kuti mtengowo wafika kumapeto kwa kubereka, ndipo maluwa amene abwere pambuyo pake n'ngosadalirika, makamaka poti usiku wa Juni ndi mphepo ya mwera zimachedwetsa kukhwima. Madzi anu asapite kwa maluwa amenewo. Apite kwa zipatso zimene zagwira kale. Kuthirira koyamba kuchitike tsopano, masamba asanayambe kugona dzuwa lisanafike pamutu, ndipo kwachiwiri kudzatsatire pakatha masiku 10 mpaka 14 ngati dothi ndi la makande, kapena msangako ngati ndi losakanikira mchenga.

Pali chinthu china chimene chimawawa kumva, koma ndichinena. Ngati madziwo sangalowetse chinyontho chozama pa ekala yonse, sankhani mbali imene ili ndi zipatso zambiri ndi dothi losunga madzi, ina ija muisiye ikhwime ndi chinyontho chimene ilinacho. Mbali imene mitengo yake ndi yopinimbira, yokhala ndi zipatso ziwiri kapena zitatu, sidzabweza ngakhale ndalama ya petulo. Pothirirapo lowetsani madzi m'khwawa limodzi n'kulumpha lina, mutseke kumapeto kwa mizere kuti asathawe, ndipo ulendo wachiwiri mudzagwiritse makwawa amene munawalumpha. Chitani zimenezi madzulo. Pa makande samalani kwambiri, chifukwa likang'ambika ming'alu ikuluikulu madzi oyamba amangolowera m'menemo n'kupitirira mizu. Thirirani ming'alu ikadali yopyapyala. M'mawa mwake kumbani ndi khasu pambali pa mzere, mufinye dothi la pansi m'dzanja: likaumbika osaphwanyika, madzi afika.

Feteleza musathirenso, makamaka yureya. Pa msinkhu uwu amangobweretsa masamba anthete amene amamwa madzi ndi kuitana nsabwe ndi ntchentche zoyera, ndipo madzi omata amene tizilomboti timatulutsa akadonthera pa thonje lophulika amalimatitsa ndi kulidetsa, ogula n'kuliika giredi yotsika. Udzu uzulidwe ndi manja osati kupalira mozama. Ngakhale munadzala mbewu ya Bt imene imalimbana ndi mbozi, tizilombo toyamwa sitiiopa, choncho musaleke kuyendera munda.

Nthawi yosiyira kuthirira muidziwa ndi mpeni. Tengani chipatso cha pamwamba mwa zimene mukuyembekezera kutola, muchidule pakati. Chosakhwima chimaduka mosavuta, njere zake zimakhala zoyera ndiponso zamadzimadzi mkati. Chokhwima chimalimba kudula, ulusi umakokeka ndi mpeni, ndipo khungu la njere limakhala lofiirira kapena lakuda. Zipatso za pamwamba zikafika pamenepo, madzi sawonjezanso kalikonse. Ngakhale zisanafike, zipatso za m'munsi zikayamba kuphulika zambiri ndipo dothi likadali ndi chinyontho, lekani, popeza madzi ochedwa amaoletsa zipatso za pansi ndi kuphukitsa mitengo. Otsalawo ali ndi ntchito kudimba la tomato.

Mukatola, musakopeke ndi maganizo osiya mitengo kuti idzaphukenso pothirira. Lamulo la thonje la 2013, limene bungwe la Cotton Council of Malawi limayang'anira, limafuna kuti pakhale nyengo yopanda thonje m'munda, chifukwa mitengo yotsala ndi imene imasunga mbozi yofiira ndi tizilombo tina kufikira chaka chamawa. Tsiku lomaliza kuzula ndi kutentha mapesi mulifunse kwa alangizi a dera lanu, ndipo muliwerengere posankha zipatso zimene mukuzithirira, kuti zidzakhale zitaphulika tsikulo lisanafike.