Alemba kuti "elective", nanga "compulsory" yachokera kuti?

Funso: Mwana wanga akulowa Fomu 3. Pa pepala la kusukulu alemba kuti Computer Studies ndi elective, koma m'munsi mwake akuti practical ndi compulsory. Ndiye phunziroli ndi losankha kapena lokakamiza? Ndine mayi wa ku Balaka.

Yankho: Mayi, pepalalo silikudzitsutsa ayi. Elective kapena optional akutanthauza kuti mwana ali ndi ufulu wotenga phunzirolo kapena kulisiya. Ufuluwo umathera pa tsiku losankha. Palibe amene amakukakamizani kukwera minibasi, koma mukangokhala pampando kondakitala afuna yake. Mwana akalembetsa Computer Studies, practical sangaithawe. Zotere m'Chingerezi amazitcha conditional requirement, lamulo logwira okhawo amene asankha njirayo.

Pali mawu ena amene ndikufuna mwana wanu awadziwe msanga, chifukwa ndi amene amaliritsa ana ambiri akamaliza Fomu 4. Loyamba ndi prerequisite, chinthu chimene uyenera kukhala utakhoza kale asanakulole kuyamba china. Palibe wokakamiza mwana kuphunzira udokotala ku yunivesite ya KUHeS, koma akaufuna, Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu zimasanduka zofunika. Uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS nawo sungatheke popanda Masamu ndi Physics. Ndiye mwana amene lero akuti "Physics ndi yovuta, ndiisiye" akutseka makomo amene sanawaonebe. Pamwamba pa izi, mayunivesite aboma amafuna makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti imalekezera pa giredi 6. Giredi 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe.

Corequisite adzakumana nayo ku koleji: maphunziro awiri oyendera limodzi, ukatenga ili utengenso ilo.

Koma amene ine ndimawaopa kwambiri ndi timawu ting'onoting'ono ta m'makalata: subject to, provided that, conditional offer, kutanthauza kuti malo akupatsani pokhapokha mukwaniritse zimene anena. Makolo ena amayamba kupha nkhuku atangoona offer, osawerenga kuti malowo akudikira fizi kapena satifiketi ifike pofika tsiku lakutilakuti.

Musanasayine pepalalo, pitani mukafunse aphunzitsi kuti makompyuta oyaka alipo angati, ndipo magetsi akazima practical imachitika bwanji. Mukafunsenso kuti mwana akatenga Computer Studies asiya phunziro liti.