Njinga ya Cycle to Work: abwana akadula £75, inu mumataya £54 yokha, koma pali mfundo

FUNSO: Zikomo aphungu. Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, chino ndi chaka changa chachiwiri. Ndimalandira £13.20 pa ola, maola 37.5 pa sabata. Shifiti imayamba 7 koloko m'mawa, ndipo Lamulungu basi yoyamba imandichedwetsa, ndiye ndimangokwera takisi. Mwezi ukamatha ndimapeza kuti mayendedwe okha adya pafupifupi £90. Kuntchito kwathu amata chikalata cha Cycle to Work, akuti munthu utha kutenga njinga pasitolo osapereka kanthu, azingokudula pamalipiro, ndipo msonkho umachepa. Ndaona njinga ya £780, ndikaphatikiza loko, magetsi ndi helemeti zikufika £900. Mnzanga akuti ndisapusitsidwe, imeneyo ndi ngongole yongovala suti. Ndimaganizanso kuti ndikamaliza kulipira ndidzaitumize kwa mchimwene wanga ku Salima aziyendetsa kabaza. Kodi ndilowe? — Mayi wa ku Leicester

YANKHO: Mayi, mnzanuyo wanena bwino theka. Si ngongole, chifukwa palibe chiwongoladzanja. Koma si kugulanso ayi. Ndi kubwereka. Chaka chonse chimene muzidzadulidwa pamalipiro, njingayo ndi ya abwana anu kapena ya kampani imene ikuwayendetsera dongosololi, inu mukungolipira lendi. Mukaigwira mfundo imeneyi, zina zonse zikhala zomveka.

Dongosololi linabwera ndi lamulo la zachuma la 1999, pamene boma la Britain linkafuna kuti anthu achepetse kupita kuntchito pagalimoto. Mumasainirana ndi abwana kuti malipiro anu atsike ndi ndalama yakutiyakuti mwezi uliwonse, iwo n'kukubwerekani njinga. Ndalamayo imachoka msonkho usanawerengedwe, ndiye a HMRC, bungwe lotolera msonkho ku Britain, sayikhudza. Abwana nawo sakuchita chifundo chabe: pa paundi iliyonse imene mwasiya, iwo amapulumutsa National Insurance yawo (ndalama imene abwana ndi antchito amapereka kuboma kuwonjezera pa msonkho), imene kuyambira April 2025 ili pa 15 peresenti.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala anu omwewo. Pachaka mumalandira £25,740, kutanthauza kuti muli m'gulu la msonkho wa 20 peresenti, n'kuwonjezerapo 8 peresenti ya National Insurance. Zonse pamodzi, pa £1 iliyonse ya pamwamba pa malipiro anu, 28p imapita kuboma. Njinga ya £900 mukaigawa miyezi 12, pa payslip pazioneka £75. Koma £75 imeneyo ikanabwera kwa inu ngati malipiro, m'banki mukanalowa £54 yokha, £21 ikanapita kumsonkho. Ndiye chimene thumba lanu lidzamve ndi £54 pamwezi, £648 pachaka. Mwapulumutsa £252. Izi ndi zimene amalemba ndi zilembo zikuluzikulu pachikalata chija.

Zimene amalemba ndi tizilembo tating'ono ndi za kumapeto kwa chaka. Poti njinga si yanu, kuti ikhale yanu muyenera kuigula pamtengo umene a HMRC amavomereza kuti ndi woyenera njinga yogwiritsidwa kale ntchito. Ali ndi mndandanda wawo. Njinga imene inagulidwa £500 kapena kuposa, ikatha chaka chimodzi amati mtengo wake ndi 25 peresenti ya mtengo woyamba, ikatha zaka ziwiri 17, zitatu 12, zinayi 7. Yosafika £500 imayambira pa 18 peresenti n'kutsika mpaka 3 ikatha zaka zinayi. Tiyerekeze kuti awerengera pa £900 yonse. Mukathamangira kuti ndikufuna ikhale yanga lero lomwe, mupereka £225. Phatikizani ndi £648 ija, zakwana £873. Chaka chathunthu cha mafomu ndi kudulidwa, phindu lake £27. Imeneyo ndi ya nkhuku ndi ufa wa sabata imodzi basi.

N'chifukwa chake pali njira yachiwiri, ndipo ndi yokhayo imene ine ndimalimbikitsa. Makampani ngati Cyclescheme amakulolani kupereka chikole cha 7 peresenti, kwa inu £63, kenako mumapitiriza kuyendera njingayo zaka zina zitatu osalipiranso kalikonse. Zaka zinayi zikakwana, chikole chija chimasanduka mtengo wake, njinga n'kukhala yanu. Pamenepo mwalipira £711 pa katundu wa £900, mwapulumutsa £189. Kampani ina, Green Commute Initiative, imachita mosiyana pang'ono: imakusiyirani njinga kwaulere zaka zingapo, pomaliza n'kukugulitsani £1. Vuto lake n'lakuti kampani simusankha inu, amasankha abwana. Funsani a HR, ofesi yoona za antchito, kuti ndi kampani iti, ndipo muwerenge ndime ya kumapeto kwa mgwirizano musanasaine.

£189 si ndalama yoinyoza, koma musaiwale kuti ndi chimodzimodzi kuchotseredwa 21 peresenti. Mukapeza njinga yomweyo ndi zipangizo zake pa £700 nthawi ya selo, kapena mtundu wa chaka chatha umene sitolo ikufuna kuchotsa, ndipo ndalama muli nayo m'manja, mwaposa kale dongosololi, njinganso ndi yanu tsiku lomwelo. Ndipo musadabwe sitolo ikakana kukupatsani mtengo wa selo pa vocha ya Cycle to Work, kapena ikawonjezerapo kenakake. Kampani yoyendetsa dongosolo imadya komishoni kwa mwini sitolo, ndiye iye amafuna pobwezera. Ndinenenso pano chimene chimandinyong'onya ndi dongosololi: amene amalandira kuposa £50,270 pachaka amapulumutsa 42 peresenti, inu 28. Dokotala wamkulu wogula njinga ya mpikisano boma likumuthandiza kwambiri kuposa mayi wosambitsa agogo amene akuthawa takisi ya Lamulungu. Ndi mmene analipangira.

Tsopano pamene pamagwera anthu ambiri a ntchito ngati yanu. Lamulo silola kuti kudula kumeneku kutsitse malipiro anu mpaka pansi pa malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa. Mu April 2025 anali £12.21 pa ola kwa a zaka 21 kupita m'tsogolo, ndipo a April 2026 ndi £12.71. Inu muli pa £13.20, ndiye mpata wanu ndi 49p pa ola. Maola anu pamwezi ndi 162.5. Kuchulukitsa, mpata wonse ndi pafupifupi £79. Njinga yanu ikufuna £75. Mwadutsa, koma mwadutsa chopendekera, ndi £4 yokha. Mukanakopeka ndi njinga ya batire ya £1,800, imene ndikudziwa kuti munaiyang'ana kawiri pasitolo paja, £150 pamwezi a payroll akanakubwezani, pokhapokha abwana atalola kugawa miyezi 24. Malire a £1,000 amene analipo kale anachotsedwa mu 2019, koma malire enieni kwa munthu wolandira zochepa ndi amenewa a 49p. Kumbukiraninso kuti malipiro ochepetsetsa amasinthidwa April aliyense, ndipo mwezi umene mwadwala kapena mwapatsidwa mashifiti ochepa, mpata uja umafota. Afunseni a payroll kuti mwezi wotero amatani, amayamba aimitsa kaye kapena amatalikitsa nthawi.

Funso lalikulu kuposa onse ndikufunseni ine: kodi chaka chamawa nthawi ngati ino mudzakhala muli pantchito pomwepo? Mukasiya, kapena akakuchotsani, miyezi 12 isanathe, ndalama yotsala amaidula yonse pamalipiro omaliza, ndipo amaidula msonkho utachotsedwa kale, phindu lija palibenso. Tinene kuti mwachoka itatha miyezi inayi. Yatsala isanu ndi itatu, £600, kuchoka kamodzi n'kamodzi pa malipiro a mwezi umene mukufunanso ndalama yosamukira ndi chikole cha nyumba yatsopano. Abale athu ambiri a ntchito yosamalira okalamba amasintha olemba ntchito mosayembekezera, ena chifukwa kampani yalandidwa chilolezo chosunga antchito ochokera kunja. Ngati kuntchito kwanu kukununkha zoterezi, kapena mwayamba kale kuponya makalata kwina, dikirani. Ngati muli pa viza yodalira abwana, alembereni a HR imelo yofunsa ngati kutsika kwa malipiro pa payslip kuli ndi kanthu pa viza yanu, ndipo yankho lawo mulisunge. Zapakamwa sizisungika. Mukangodutsa chaka choyamba n'kulowa m'zaka zitatu zija, mgwirizano umakhala pakati pa inu ndi kampani ya njinga, ndiye mutha kusintha ntchito njinga n'kupita nayo.

Pali tina ting'onoting'ono. Malipiro akatsika pa pepala, ndalama yopita ku penshoni ikhoza kutsika nawo pang'ono, malingana ndi mmene abwana anu amawerengera. Ndipo ngati pali maganizo a mwana wachitatu, dziwani kuti malipiro a tchuthi cha uchembere amawerengedwa pa zimene munalandira m'masabata asanu ndi atatu ena a pakati pa mimba, ndiye kudulidwa nthawi imeneyo kumawachepetsa. Pa £75 si zoti n'kusowa nazo tulo.

Choti n'kusowa nacho tulo ndi akuba. Njinga ikabedwa, kudula pamalipiro sikuima, muzilipirabe chinthu chimene wina akuyendera. Loko musaumire. Gulani yachitsulo yooneka ngati chilembo cha D, yokhala ndi chizindikiro cha Sold Secure Gold, chifukwa a inshuwalansi ambiri amafuna imeneyo, ndipo muzimanga felemu ku chitsulo chozikika, osati tayala lakutsogolo lokha. Ndinaonapo pasiteshoni tayala limodzi litatsala lokha pamtengo wachitsulo, loko ili bwinobwino, mwini wake ataimirira chipewa chili m'manja ngati ali pamaliro. Tembenuzani njinga, pansi pa felemu pomwe pamalowa zopalasira pali nambala. Ijambuleni pafoni, mukailembetse kwaulere pa BikeRegister, kaundula wa njinga wa pa intaneti. Pa mndandanda wanu wa zipangizo ndikuwonjezerani madigadi ndi jekete ya mvula yowala. Mu December ku Leicester 7 koloko kumakhala kudakali mdima, msewu uli chinyezi, ndipo popanda madigadi mudzafika kuntchito msana wonse uli ndi mzere wa matope. Magetsi ndi lamulo usiku, loyera kutsogolo, lofiira kumbuyo. Chokoma n'chakuti amayenda kumanzere ngati kwathu.

Za achimwene a ku Salima, pepani, ndikukhumudwitsani. Lamulo la dongosololi likuti theka la maulendo a njingayo, kapena kuposa, likhale lopita ndi kuchokera kuntchito. Palibe amene adzakufunseni kabuku kolembamo maulendo, koma chinthu cha eni simungachigulitse kapena kuchilowetsa m'kontena. Mukatenga njira ya £63, njinga ikhala yanu patatha zaka zinayi. Ndipo ngakhale itakhala yanu mawa, siyoyenera kabaza. Njinga za mtauni za kuno n'zopepuka, kaliyala wake nthawi zambiri amalembedwa kuti asapitirire makilogalamu 25, pamene wa kabaza amanyamula munthu wamkulu, mwana kumsana ndi thumba la chimanga pamiyendo. Magiya ndi mabuleki ake akawonongeka, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango adzangoigwedezera mutu. Ngati mukufuna kuwathandiza, sungani kusiyana kwa £90 ya mayendedwe ndi £54 ya njinga, muwatumizire akagule yolimba konko, yoti zipangizo zake zimapezeka pamsika uliwonse.

Kusiyanako ndi £36 pamwezi chaka choyamba ngati mupalasa tsiku lililonse, koma tinene zoona, kudzakhala masiku a chisanu choundana ndi a mphepo pomwe mudzakwerabe basi, ndiye werengerani £20. Phindu lenileni likuyamba chaka chachiwiri, kudula kutatha, pamene njinga izingofuna chubu, tcheni ndi mabuleki mwa apo ndi apo. Ngati ntchito yanu yakhazikika ndipo mulibe £700 yogulira kamodzi, lowani, tengani ya £900 yomweyo, musakwere mtengo, ndipo kumapeto musankhe chikole. Ngati simunapalasepo mumsewu wa kuno, bwerekani njinga ya mnzanu Lamulungu limodzi muyese njira yonse kuchokera pakhomo mpaka kuntchito musanadzaze fomu.

FUNSO: Ine ndili ku Glasgow, ndimaperekera anthu zakudya panjinga kudzera pa app, ndimadzilipirira ndekha msonkho. Kodi Cycle to Work ingandithandize kupeza njinga ya batire? — Bambo wa ku Glasgow

YANKHO: Ayi bambo, khomo limeneli ndi la anthu olembedwa ntchito amene msonkho wawo umadulidwa ndi abwana kudzera mu PAYE. Wodzilemba yekha ntchito alibe malipiro oti asiyeko. Njira yanu ndi ina: njingayo ndi chida cha bizinesi, ndiye mtengo wake, kukonzetsa ndi inshuwalansi mutha kuziika pa Self Assessment, fomu ya msonkho imene mumadzaza nokha, ngati zowonongera pantchito, mbali yokhayo imene mumaigwiritsa ntchito poperekera zakudya. Sungani malisiti onse. Pogula onetsetsani kuti mota yake sikupitirira mawati 250 ndipo imasiya kukankha ikafika mamailosi 15.5 pa ola. Ikaposa pamenepo, apolisi amaiwerengera ngati njinga yamoto yofuna laisensi, inshuwalansi ndi nambala, ndipo amalanda.