Pace si liwiro chabe, achemwali

Mayi wina amene amaphunzitsa Chingerezi pa intaneti wandilembera imelo. Ophunzira ake ndi a ku China, ndipo mmodzi wamupanikiza ndi funso: kodi pace ndi speed n'chimodzimodzi? Akuti anayankha kuti eya, koma mtima sunakhazikike. Achemwali, mwanditosa pachilonda, chifukwa funso lomweli linandigwetsapo inenso.

Ndinaphunzitsapo zaka ziwiri ku Chengdu, mzinda wa ku China, pa kasukulu kena ka madzulo komwe kankabwera anthu akuluakulu akaweruka kuntchito. M'kalasi mwanga munali bambo wina wa imvi zapatalipatali, dalaivala wa basi, amene sankasiyana ndi botolo lake la tiyi wa masamba. Ankaliika pakona pa desiki, n'kuvula chipewa asanakhale. Tsiku lina analemba kuti basi yake imayenda pa pace ya makilomita 60 pa ola. Ndinadula ndi cholembera chofiira, pamwamba n'kulembapo speed. Bamboyo sanakwiye. Anangotsegula kabuku kake ka mawu n'kundilozera ndi chala: pace, sudu. Speed, sudu, mawu a Chitchaina otanthauza liwiro. "Aphunzitsi, nanga ndalakwa pati?" Ine kukamwa yasa, mawu osatuluka. Ndinangoti Azungu sanena choncho. Iye anavomera mwaulemu, koma ndinadziwa kuti ndamumana chinthu chimene analipirira ndi thukuta lake.

Usiku umenewo tulo tinasowa. Amene anandibwerera m'maganizo ndi agogo anga aamuna kwathu ku Dedza. Iwo poyeza dimba sankafuna tepi. Ankaima pamalire, manja kumbuyo, n'kuyamba kuponda uku akuwerenga mokweza, phazi lililonse lofanana ndi linzake, osathamanga, osazengereza. Akafika kumathero ankatchula nambala, nkhani n'kuthera pomwepo. Pace ndi phazi limenelo. Mawuwa anachokera ku Chilatini, passus, n'kudzera m'Chifalansa asanalowe m'Chingerezi. Kwa Aroma passus inali mapazi awiri, lamanzere ndi lamanja, pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo akawerenga 1,000 ankati mille passus. Mailosi amene timatchula lero anabadwira pamenepo.

Chimene chinandipweteka kwambiri nditachizindikira n'chakuti Atchaina akale ankayezanso mtunda momwemo. Muyezo wawo wotchedwa bu unali mapazi awiri, phazi limodzi lokha ankati kui. Ndiye kuti dalaivala uja muzu wa mawuwa anali nawo kale m'chinenero chake, koma kabuku kaja kanamuphimba m'maso.

Ndipo pamenepa ndiye sindisintha maganizo: timabuku toika mawu amodzi a Chingerezi moyang'anizana ndi amodzi a Chitchaina timawononga ophunzira. Munthu amaloweza, mayeso n'kukhoza, koma akati alankhule amangophonya osadziwa chifukwa chake. Pa sukulu ija ankafuna mutu umodzi wa buku pa sabata, zivute zitani. Nditapempha kuti tichepetseko changu, akuluakulu anandiyankha kuti anthu amalipira kuti amalize buku. Kumaliza buku! Anthu otopa ndi ntchito tsiku lonse tinkawathamangitsa ngati mbuzi zopita kumsika, kenako n'kumadabwa kuti Chingerezi sichikukhazikika. Mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti ndinagonja msanga.

Taonani othamanga. Pa 12 Okutobala 2019 ku Vienna, Eliud Kipchoge wa ku Kenya anathamanga makilomita 42 ndi kachidutswa mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Panali anzake 41 osinthanasinthana, otchedwa pacemakers. Ntchito yawo sinali kumuposa liwiro ayi, koma kumusungira muyezo umodzi, pafupifupi mphindi 2 ndi masekondi 50 pa kilomita iliyonse, kuti asayambe ndi ukali n'kukathera panjira. Muyezo umenewu othamanga a ku China amautcha peisu. Onaninso kuti nambala ya speed ikakula ndiye kuti wathamanga kwambiri, pomwe nambala ya pace ya wothamanga ikachepa m'pamene wathamanga kwambiri. Kachipangizo kamene madokotala amaika pachifuwa cha wodwala mtima nakonso ndi pacemaker, ndipo ntchito yake ndi yomweyo, kusunga kagundidwe.

Tsono muwauze chiyani?

Muwauze kuti speed ndi ya nambala ya padeshibodi, ya ndege, ya intaneti. Pace ndi mayendedwe a chinthu pa nthawi yaitali: munthu, hatchi, ntchito, moyo wa m'tauni. M'Chitchaina pafupi kwambiri ndi bufa kapena jiezou, osati sudu yokha. At your own pace ndi kuchita monga mwa mphamvu zako, keep pace with ndi kusatsalira m'mbuyo, pace yourself ndi kusunga mphamvu kuti ukafike. Pace up and down ndi duobu, kuyendayenda kuja kwa bambo wodikira panja mkazi wake ali m'chikuta. Mumvetserenso katchulidwe, chifukwa ambiri amawonjezera kaliwu kumapeto n'kumveka ngati peisi, monga ifenso timachitira.

Koma musanafotokoze chilichonse, muwapemphe aimirire, achoke pakompyuta, ayende kuchoka pachitseko kufika pawindo akuwerenga. Ine ndinachita zimenezo ndi dalaivala uja sabata yotsatira. Anawerenga 7, anaima, n'kumwetulira. Atakhala pansi anafufuta chiganizo chake chakale n'kulemba kuti pace ya moyo ku Chengdu ndi yapang'onopang'ono, ndiye anandipatsa pepalalo kuti ndichonge.